Matalala a Bambo Isake

Adokotala a ku Blantyre analankhula mofatsa, koma mawu awo anali olemera. Impso za Bambo Isake zinali zitatopa, sizinkathanso kutulutsa madzi onse m'thupi. Madzi otsalirawo ndi amene ankatupitsa miyendo ndi kuwabanikitsa akagona. Anawalembera mankhwala, anawaletsa mchere, kenako anaimika botolo lapulasitiki patebulo.

"Pa tsiku asapyole ili. Tiyi, phala, msuzi, zonse zikwane m'menemu. Akamapyola mudzabwera nawo atanyamulidwa."

Enid, mwana wawo wamkazi, analiyang'anitsitsa botololo. Iye anali mphunzitsi pa sukulu ya pa esiteti ya tiyi, ndipo nyumba yake inali kumapeto kwa munda, pamene mizere yobiriwira imathera pa mitengo ya bulugamu. Anali atakawatenga bambo akewo kumudzi ku Khwethemule kuti akhale pafupi ndi msewu wa kuchipatala. Ankawadziwa bwino. Moyo wawo wonse anauthera pa ng'anjo ya fakitale, kuponya nkhuni m'moto woumitsira tiyi, ndowa ya madzi ili pambali. Madzi iwo sankamwa ngati anthu ena, ankachita kugugudiza.

Miyezi yozizira inadutsa bwino. Koma dzuwa la Okutobala litakhwima, milomo ya mkuluyo inayamba kung'aluka. Pa pemphero la m'mawa, iwo amene ankatsogolera nyimbo ndi mawu a besi ogwedeza malata, ankangotsegula pakamwa mawu osatuluka. Tsiku lina Enid anawapeza kubafa akumwa madzi a m'beseni ndi chikhatho, ndipo mawa lake nsapato zinakana kulowa. Kuyambira pamenepo anayamba kutsekera jagi ndi botolo m'kabati, kiyi n'kumangirira pa nsonga ya chitenje, ndipo pampopi wa panja anaikapo loko.

Namwino wa pa kiliniki ya esiteti ndiye anamupatsa nzeru. Anati odwala otere amathandizidwa ndi ayisi wofewa: madzi a theka la kapu akaundana timibulu amadzaza kapu yonse, ndipo munthu amatha masana onse akuyamwa kamodzikamodzi. Ayisi wa mufiriji sakanathandiza, chifukwa anali wouma ngati mwala ndipo mano a mkuluyo anali otsala owerengeka.

Mulungu amatsegula khomo pamene munthu sanagogode. Sabata yomweyo kunamveka kuti manijala wina wa fakitale akusamukira ku Mzuzu ndipo akugulitsa katundu wa m'nyumba. Enid anapitako ndi maganizo a ketulo, koma pa shelefu ya m'khichini anaona kamakina kasiliva, kotalika ngati ndowa, kali ndi kagalasi kutsogolo. Akazi a manijala anatapa timibulu toyera m'kabasiketi ka m'kati n'kumuikira m'manja. Tinali ngati nandolo, ndipo atatafuna tinangofumbutuka.

"Koma aphunzitsi, kali ndi malamulo kuposa mwana wakhanda," anatero mayiwo. "Mukafika nako musakayatse msanga, kayambe kakhazikika. Kumbuyo kuzikhala mpata wa mphepo. Madzi owiritsa, osefa, osati a pampopi. Ndipo sabata iliyonse muzikatsuka ndi viniga. Mukaiwala, kadzakuuzani kokha."

Mtengo wake unali wopweteka, koma Enid sanabwerere m'mbuyo. Anakakulunga m'bulangete, nakafungatira pa kabaza mpaka kunyumba.

Bambo Isake anakayang'ana mokayika pamene kanayamba kung'ung'udza. Patapita kanthawi timibulu toyamba tinagwa, go, go, go.

"Matalala," anatero. "Ife tinkapemphera kuti asagwe, amaboola masamba a tiyi. Iwe wakagula ndi ndalama."

"Talawani kaye, ababa."

Anaika kamodzi pa lilime, natseka maso. Sanayamike, koma anatambasula dzanja kufuna kena. Masiku otsatirawo anali a mtendere. Enid ankawayezera makapu awo asanapite kusukulu ndi pobwera, miyendo inaphwa, ndipo mmawa wina besi ija inamvekanso, yosasa pang'ono koma yake yomwe. Magetsi akazima ankathira ayisi wotsala mufulasiki, iwo n'kumadikira pansi pa mtengo wa mapeyala ngati munthu wodziwa kuti chakudya cha m'chipululu chimagwa m'mawa uliwonse.

Kenako mayeso a kutha kwa teremu anafika. Enid ankabwera mutu uli zii, mapepala ochonga ali m'khwapa. Kuwiritsa madzi kunkadya makala ndi nthawi, choncho anayamba kuthira a pampopi. Zotsuka anati achita Loweruka, Loweruka lija linakhala lina. Makinawo anayamba kulira ngati kamwana ka nkhumba, ayisi n'kumanunkha ngati nsanza yonyowa. Lachisanu masana kanyali kofiira kanayaka, ndipo m'kabasiketi simunagwenso kanthu. Atasuzumira m'thanki anapeza m'mbali monse mwachita zoyera zokakamira ngati za m'ketulo yakale, pansi pali ndere yoterera.

Loweruka m'mawa anatulutsa makinawo pakhonde. Anasakaniza viniga ndi madzi, anathira m'thanki, nawasiya azungulire m'kati. Anamasula timipaipi ta kumbuyo, madzi akuda n'kutsikira m'beseni. Anapukuta ndi kansalu, anathiranso madzi oyera, anatayanso. Fungo la viniga silinkachoka msanga, ndiye kutsukuluza kunali kobwerezabwereza. Madzi otayidwawo anayenderera pabwalo, nkhuku n'kumathamangira kumwa. Bambo ake anali pa mpando wawo pansi pa mtengo, maso ali pa kamtsinje kameneko. Theka la botolo la tsikulo anali atamaliza kale dzuwa lisanakwere.

Ndi nthawi imeneyo pamene njinga yamoto inaima pa msewu, n'kutsika a Fainess, mlongo wawo wa Bambo Isake, atavala duku yoyera ya amayi a mvano. Enid anawalandira chikwama, anawayalira mphasa, malonje anachitika. Azakhaliwo anayang'ana milomo ya mchimwene wawo, anayang'ana loko wa pampopi, kenako anayang'ana beseni.

"Ndiye zimene ndinamva n'zoona," anatero. "Makina akumwa, nkhuku zikumwa, achimwene ayi."

"Azakhali, ndi adokotala ananena. Impso zawo..."

"Adokotala ali ndi bambo awo, ndipo ndikhulupirira amawapatsa madzi. Iwe Enid, unakulira m'tchalitchi. Ngakhale mdani akagogoda ndi ludzu timamutungira. Tsiku lomaliza ukadzafunsidwa za waludzu amene anali pakhomo pako, udzaloza chiwaya chakochi?"

"Sichiwaya, ndi chopangira ayisi."

"Chili kuti chimene chapanga? Ine ndikuona matope."

Bambo Isake anaseka pang'ono, kuseka kouma. A Fainess anatembenukira kwa iwo, nalankhula mawu angapo m'Chilomwe, chinenero chimene awiriwo ankasungira nkhani za pamtima, kenako anabwerera ku Chichewa kuti mwanayo amve.

"Achimwene, mwamuna akadwala amabwerera kwa alongo ake. Nyumba ya amayi ilipo, mtsuko uli pakhomo, chikho chili pamwamba pake. Ngati Ambuye akuitanani, akakupezeni lilime lili lonyowa."

Mkuluyo anayang'ana loko wa pampopi. Kenako anati, "Enid, kandilongedzere chikwama."

Enid analowa m'nyumba. Ankadziwa chimene mtsuko wa ku Khwethemule ukanachita: sabata imodzi, mwina ziwiri, kenako foni ya uthenga wa maliro. Anatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu, koma manja anakana kupinda malaya. Anagwada pambali pa bedi. Mawu a pemphero sanabwere, anangoti, Atate, ndaumitsa mtima pati? Zenera linali lotsegula, ndipo mawu a pabwalo ankalowa.

"Ludzu ndimalidziwa, achemwali," bambo ake ankatero. "Pa ng'anjo paja linali mnzanga wa tsiku ndi tsiku. Ndikhoza kulipirira. Koma kuitana mwana amene ndinam'tungira madzi osamba ali khanda, kuti bwera, masula kiyi pa chitenje, nditsegulire kabati... Alendo akabwera sindingathe n'kuwapatsa madzi. Ndimangokhala ngati mbuzi yodikira woimasula."

Enid anakhalabe chogwada. Anayang'ana mfundo ya pa chitenje chake. Anaimanga ndi chikondi, zimenezo sankakayika, koma sanawafunsepo eni ludzu. Anadzuka, anatsegula kabati, anadzaza jagi mpaka m'milomo. Anatenga kapu, botolo lija ndi makiyi onse awiri, naziika pa thireyi. Atafika pansi pa mtengo anagwada n'kuika thireyiyo pa kampando patsogolo pa bambo ake.

"Ababa, ndinakulakwirani. Moyo ndi wanu ndi Mulungu wanu, ine ndinangoubisa m'kabati. Zimene adokotala ananena munazimva nokha. Makiyi ndi awa. Mukafuna kupita ndikulongedzerani, koma ine ndikupempha mukhale. Muziyeza nokha."

"Ndikamwa jagi yonseyi?"

"Ndidzalira, kenako ndidzafuna galimoto."

"Wamva mwano wake?" anatero a Fainess, koma mawu awo anali atafewa. "Imwani, achimwene."

Bambo Isake ananyamula jagi ndi manja awiri. Anathira m'kapu pang'onopang'ono mpaka kudzaza, madzi akunyezimira ndi dzuwa lodutsa m'masamba. Kholingo lawo linakwera n'kutsika. Enid anayang'ana pansi, kuopa kuti maso ake angakhale loko wina.

"Achemwali," anatero mkuluyo, "mwayenda pa fumbi kuchokera kutali, ndipo pakhomo pano palibe amene wakupatsani madzi. Landirani."

A Fainess anazengereza, kenako analandira ndi manja awiri, namwa. Mchimwene wawo anawayang'anitsitsa mpaka kapu inatha, ngati kuti madziwo akutsikira kukhosi kwake. Kenako anathira pang'ono m'chivindikiro cha botolo, ananyowetsa milomo, natsekanso. Makiyi anawaponya m'thumba la malaya.

"Tsopano ndionetse za chilombo chakochi. Ngati ndikhale wodyera pamenepo, ndizichisamalira ndekha. Iwe uli ndi ana a eni oti uwaphunzitse."

Anasendeza mpando kufupi ndi khonde. Enid anawaonetsa timipaipi totulutsira madzi, mzere wosonyeza pofika madzi m'thanki, batani lotsukira, ndi kasefa ka kumbuyo kamene fumbi la mumsewu limatseka. Iwo ankafunsa mobwereza, iye ankayankha mobwereza. Anagwirizana kuti madzi aziwiritsidwa madzulo pa mbaula ikatha ntchito, agone m'ndowa yovindikira, ndipo tsiku lotsuka likhale Lolemba, poti Loweruka limadza ndi alendo. Viniga akasowa, mandimu a kuseri kwa nyumba analipo.

Atatsukuluza komaliza anabweza makinawo m'khichini, nathira madzi owiritsa amene anali atazizira. Kulira kwa nkhumba kuja kunali kutatha, kunangotsala kung'ung'udza kwake kwa kale. Atatuwo anakhala pa mphasa pakhomo la khichini, a Fainess akusenda nthochi zophika, akusimba za kwaya ya kumudzi imene inagawanika pa nkhani ya yunifolomu. Mkati mwa nkhaniyo munamveka go, kenako go, go.

"Oyambawa ndi otaya, ababa. Amakhala ndi kafungo ka viniga."

"Otaya? Apatse azakhali ako, pakamwa pawo m'powawasa kale."

"Achimwene, matenda sanakuchotseni chipongwe," anatero a Fainess. Komabe anatola kamodzi, anaponya m'kamwa, nkhope n'kukwinyika. "Mano anga. Ndiye mumadya zimenezi tsiku lonse?"

"Sitidya, timayamwa. Pamafunika ulemu."

Matalala achiwiri atagwa, Bambo Isake anatapa okha ndi kasupuni, anadzaza kapu, anaisalaza pamwamba ndi chala, ndipo timibulu tiwiri topyola anatibwezera m'kabasiketi. Enid anaona, natenga nthochi kuthandiza azakhali ake kusenda.

A Fainess anapukuta manja, anatulutsa foni m'chikwama n'kuitalikitsa ku maso kuti aone manambala. Anaimbira wa kabaza uja.

"Zakeyu, usabwerenso lero, ndigona konkuno. Mawa tikaweruka ku tchalitchi. Ayi, chikwama chachikulu palibe, ndine ndekha." Anatseka foni, nayang'ana mchimwene wawo. "Koma mvula ikagwa mubwere mudzaone munda wa amayi. Nandolo chaka chino ndikufuna mudzandiuze pobzala."

"Miyendo ikalola ndidzabwera," anatero Bambo Isake, kambulu kali m'tsaya. "Enid, azakhali ako uwayalire kuchipinda kwanga, ine ndigona pabalaza. Akuti usiku amakoka mkonono, ndipo iwe uli ndi mapepala ochonga."