Ndevu za Thonje

Davison atabwerako ku Joni, anapeza kuti Phalombe si yemwe uja. Zipani zinali zitachuluka ndithu, koma anthu amene kale ankapatsa mlendo madzi asanamufunse dzina, tsopano ankayamba ayang'ana chimene wanyamula. Chinali chaka cha anamapopa. Aliyense ankadziwa wina amene msuweni wake anapopedwa magazi, ndipo anyamata ankalondera njira ndi zibonga ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Iye sanazilabadire. Mtima wake unali pa Ida, mwana amene anamusiya akuyamwa, amene tsopano ankabisala kuseri kwa chitseko akamuona. Pofuna kuti azolowerane, anayamba kumuuza za Fadha Khirisimasi, nkhalamba ya ndevu zoyera yonyamulira ana mphatso. Ida anameza zonse.

Belita, mkazi wake, anamuchenjeza kuti mwana sanamizidwa, makamaka chaka ngati chino. Davison anaseka. Anati ana akuno amakula ndi napolo ndi afiti okhaokha, nanga bodza limodzi lokoma lingaphe ndani?

Pa Khirisimasi masana, Belita akadali kukwaya, mitambo itaunjikana pa phiri la Michesi, Davison anakavalira m'nthochi kutsidya kwa mtsinje: mkanjo wofiira wa ku Joni, ndevu za thonje zomata ndi guluu wa machubu a njinga, thumba kumsana.

Sanafike pakhomo. Pamphambano anazingidwa ndi olondera a mudzi woyandikana, patsogolo pali mkulu wawo, a Sitima. Davison anakoka ndevu zija, guluu anakana. Anatchula dzina lake ndi la malume ake, koma lilime lake la ku Joni linangoipitsa zinthu. M'thumba anapezamo mabaluni ofiira osauzira. Wina anati ndi momwe anamapopa amathiramo magazi.

Ana anathamangira phokosolo. Pakati pawo Davison anaona Ida, mtima unakhalako pansi.

"Ida, mwana wanga, auze anthuwa kuti ndine ndani."

Nkhope ya mwanayo inawala. Koyamba chibwerere bambo ake, anayandikira yekha.

"Awa si adadi ayi. Ndikuwadziwa, adadi anandiuza. Amachokera kutali, amalowa m'nyumba anthu ali mtulo. Ana tonse amatidziwa mayina."

Palibe anaseka. A Sitima anauza mayi wina motsitsa mawu kuti achotsepo anawo. Ida, akukokedwa dzanja, ankangocheuka, kufunsa mayiyo ngati mphatso yake akaipeza pakhomo.