Theka Lakumbuyo la Pikapu Yanga

Amene anandilakwira ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndipo anandilakwira chaka chimene boma linakweza msonkho wa timapikapu tochokera kunja. Anandilanda theka la galimoto. Anthu ndikawauza amaseka, amati kodi galimoto imagawidwa ngati buledi? Ndimangowasiya, sizinawaonekere.

Ntchito yanga inali yonyamula katundu. Dera lathu ndi la tinjira topanikiza, nyumba zake zothinana, denga la uyu kugunda denga la uyo. Lole singalowe. Mapikapu akuluakulu aja amathera pamsewu waukulu, mwini katundu n'kuyamba kusenza pamutu. Koma kapikapu kanga kankafika mpaka pakhomo, bola ndipinde magalasi a m'mbali. Simenti, malata, mchenga, mabedi a anthu osamuka, odwala opita kuchipatala, zonse zinali zanga. Ana anga anakula ndi kagalimoto kameneko.

Kanakalamba monga mwini wake. Injini inkatsokomola koma inkapita, chimene chinatha ndi kumbuyo. Dzimbiri linadya chesesi, zitsulo zapansi zonyamula bodi, pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina nditanyamula njerwa ndinangomva kuti gwa! bodi yakhala pa matayala. Ndinakakokera kwa wowotcherera wa kuseri kwa msika, amene timamutcha Mphezi. Analowa pansi, anagogoda ndi hamala, zitsulo n'kumangoyoyoka.

"Madala, pano palibe ntchito," anatero akutuluka. "Ndiwotcherere dzimbiri pa dzimbiri?"

Ndinayamba kuzungulira mwa ogulitsa magalimoto. Malo amene kale timapikapu tinkandandalika ngati ana pa mzere wa sukulu, tsopano panali zimphona zokhazokha za zitseko zinayi. Wogulitsa wina wovala tayi anandifotokozera kuti boma lakweza msonkho pofuna kuteteza fakitale yolumikiza magalimoto ya m'dziko muno, koma fakitaleyo imapanga zikuluzikulu basi.

"Tating'ono tinasiya kuitanitsa, bambo. Kakafika kuno ndi msonkho wake, mtengo umafanana ndi iyi. Agula ndani? Tengani iyi, ili ndi mphepo yozizira m'kati."

"Ilowa pa kanjira ka kwathu?"

"Ndiye musamuke," anatero, n'kutembenukira kwa kasitomala wina.

Amene anali ndi takale ankatisunga ngati mwana mmodzi yekha. Ukafunsa ngati akugulitsa ankakuyang'ana ngati wawapempha mkazi.

Ndi m'masiku amenewo pamene mlamu anatulukira. Munthuyu sanakhalepo ndi ntchito yodziwika, lero akugulitsa mafoni, mawa nsapato, koma pakamwa Mulungu anamupatsa. Anandipeza nditakhala pakhonde dzuwa lili pamutu.

"Alamu, mwakhala ngati mwaferedwa bwanji? Anzanu akudya inu mukuwerenga nyerere."

Ndinamuuza za msonkho. Anaseka mpaka kugwira mpando.

"Msonkho umenewo ndi wa galimoto yathunthu. Galimoto yodulidwa pakati si galimoto, ndi masipeya. Kunjako amaidula okha, kuseri kwa mpando wa dalaivala, bwinobwino. Ikafika kuno Mphezi ailumikiza, n'kuikapo nambala ya kankhalamba kanu kaja. Penti pang'ono, basi, mwabwerera pamsewu."

Panali lamulo limodzi lokha, anatero. Matheka awiriwo asabwere limodzi, ndiponso asabwere m'dzina la munthu mmodzi, chifukwa a msonkho akaona mutu ndi thupi za mwini mmodzi amati ndi galimoto yathunthu. Pankafunika dzina lachiwiri, ndipo iye anali wokonzeka kubwereketsa lake.

Ndinamuyang'anitsitsa. Mkazi wanga, amene ankachapa pafupi, anaimika manja.

"Inu bambo, achimwene abwera kudzakuthandizani, inu mukuwayang'ana ngati akuba?"

Ine sindikhulupirira munthu, ndipo sindinayambe lero. Ndinaganiza mofatsa. Kutsogolo n'kumene kuli injini, giyabokosi, chiwongolero, zonse zamtengo. Kumbuyo ndi beseni chabe la matayala awiri. Munthu angatani nalo beseni? Ndinati kutsogolo kubwere m'dzina langa, kumbuyo m'dzina lake, ndipo mumtima ndinadziyamikira kuti ndamutsekera njira.

"Ha! Alamu, mwatenga mutu, ine mwandipatsa matako?" anatero. Tonse tinaseka, ngakhale ine.

Zonse ndinalipira ndekha, mutu ndi matako omwe, ndi kangachepe konse kamene ndinasunga pa moyo wanga. Mphezi anadula kachitsulo ka nambala pa kapikapu kakale, zotsalazo zinapita kwa ogula zitsulo zakutha.

Theka langa ndilo linayamba kufika. Loyera, mipando yosang'ambika, m'kati mukununkhira dziko la eni. Tinalitsamiritsa pa njerwa pabwalo panga. Mphezi analumikiza batire ndi kachigubu ka petulo, n'kuliza injini. Inkangonong'ona. Mkazi wanga analulutira, anthu oyandikana nafe anadzaza pabwalo, ine ndinakhala pa chiwongolero ndikumwetulira ngati chitsiru.

Theka linalo linafika patapita nthawi, ndipo analitsitsira kunyumba kwa mlamu poti dzina linali lake. Ndinapita kukaliona. Bodi yake inali yosalala, masipuling'i olimba, matayala atsopano. Ndinati tilikokere kwa Mphezi lero lomwe.

"Mawa, alamu. Lero ndili ndi ulendo."

Mawa lake anali ndi mutu. Mkuja anali kumaliro a munthu amene ine sindinamumvepo. Kenaka wailesi inalengeza kuti boma latulukira za magalimoto odulidwa, laletsa kuitanitsa matheka, ndipo olumikiza adzalandidwa galimoto n'kuimbidwa mlandu. Mlamu anabwera yekha kudzandiuza, nkhope ili yachisoni ngati ya m'busa.

"Mwamva? Dzina langa lili pamenepo, alamu. Mukufuna ana anga azikandionera kundende?"

"Anzathu alumikiza, akuyenda. Mphezi akuti akapaka penti palibe angadziwe."

"Tidikire kaye mphepo idutse. Chitsulo sichiwola."

Ndinadikira. Mvula inabwera, ndinafunditsa theka langa ndi lona. Makasitomala anga ankabwera kudzafunsa, kenaka anasiya kubwera.

M'mawa wina ndikutsuka mkamwa panja ndinamva ziboda ndi kulira kwa matayala m'kanjira kathu. Ndinasuzumira. Abulu awiri ankakoka ngolo yoyera, yodzaza matumba a simenti. Ndinaidziwa nthawi yomweyo ndi nyali zake zofiira zakumbuyo. Kutsogolo kwake anawotchererako mpini wautali wachitsulo, ndipo mawotcheredwe akewo anali a Mphezi, ndimawadziwa. Pamwamba pa matumba panakhala mlamu, mkwapulo uli m'manja. Simentiyo inali ya womanga nyumba amene ndinamunyamulira katundu kuyambira ali wosakwatira.

Ndinaima pakati pa njira, mswachi uli m'manja.

"Tsika."

"Mwadzuka bwanji, alamu? Pepani ndadutsa osagogoda."

"Ndati tsika pa galimoto yanga."

"Galimoto? Mukuiona galimoto pano? Iyi ndi ngolo. Injini zake ndi izi, zimadya udzu, a msonkho sazidziwa."

Anthu amene anatuluka m'nyumba anaseka. Iye anatsitsa mawu.

"Chinthu chimangokhala, alamu, ndiye ndati chizigwirako ntchito podikira. Zikadzakhala bwino mudzatenga. Mukadandipatsa mutu bwenzi nditangousunga, ndikadatani nawo?"

Anamenya bulu, ine ndinapatuka kuti tayala langa lomwe lisandiponde phazi.

Ndinapita kwa Mphezi. Sanavule n'komwe magalasi ake akuda.

"Madala, ine wabwera ndi ntchito ndimamugwirira. Mlamu wanu anati ndi chake. Bweretsani matheka onse awiri, ndilumikiza lero."

Kupolisi ndinapitanso. Wapolisi wa pa tebulo anamvetsera bwino mpaka pamene ndinafika pa kudula.

"Imani kaye, bambo. Mukuti munadulitsa galimoto kuti muzembe msonkho?"

Ndinayang'ana khoma.

"Ndipo chimene mukuti anakuberanicho chinalowa m'dzina la ndani?"

"Lake."

"Ndikulangizeni monga mwana wanu. Tulukani ngati simunalowe."

Ndinafunafuna theka lina lakumbuyo kulikonse kumene amaphwasula magalimoto. Kulibe. Timapikapu timene tinalipo eni ake amatiwotcherera mpaka titatheratu, ndipo kuchokera kunja sikubweranso kanthu, chathunthu kapena chodula. La pikapu yaikulu silingagwirizane, ndi lotambalala kwambiri. Wogulitsa wa tayi uja akuti mwina msonkho udzatsika boma likadzasintha. Maso anga ayamba kuchita nkhungu, ndipo bondo lakumanzere silifunanso kuponda kilatchi. Kaya udzatsika ndidakali woyendetsa, kaya.

Kunyumba nkhaniyi sitiikambanso. Mkazi wanga ndikaiyamba amati, "Ndiye ndiwatani? Ndi achimwene anga, tinayamwa bere limodzi." Masiku ena amapita kwa mlongo wakeyo n'kubwerako ndi sopo ndi mafuta ophikira m'kajumbo, amazibisa kuseri kwa ndowa kuti ndisafunse. Ndimadziwa kumene zachokera. Ndimasamba sopoyo.

Pa ukwati wa mdzukulu wathu mlamu anandikhazika pa mpando wakutsogolo, anandithirira chakumwa ndi dzanja lake, akuuza alendo kuti alamu angawa ndi amene anandiphunzitsa ntchito yonyamula katundu. Mipando imene tinakhalirayo anabwera nayo pa ngolo ija.

Kamodzikamodzi ndimachotsa lona, n'kulowa m'theka langa, n'kuliza injini kuti isagwire dzimbiri. Imalira bwino kwambiri. Kumbuyo kwa mpando ndinakhomako katoni kuti mphepo isamalowe, koma nkhuku zapeza polowera. Wachigayo wina wabwera kangapo kufuna kugula injiniyo, akuti ikungowonongeka. Ulendo wathawu sindinamuthamangitse, ndinangomuuza kuti abwerenso mwezi wamawa.

Mlamu wagula bulu wachitatu, ndipo walembetsa nambala ya foni yake m'mbali mwa bodi ndi penti wofiira. Theka langa lakumbuyo lija sanabweze.