Ndevu za Maliro

Chimwalirireni mkazi wake Litiana, Semesa anali asanakhudze lumo. Mwambo wake ndi umenewo: mwamuna sameta mpaka masiku a maliro atakwana, abale atasonkhana kudzamumasula. Ndevuzo zinkayabwa ngati chitedze, koma iye sankadandaula. Nanga chinatsala n'chiyani choti am'chitire mkaziyo?

Vuto linali ku fakitale ya nsomba, m'chipinda cha makina oziziritsa mmene ankagwira ntchito. M'mapaipi a mmenemo mumayenda amoniya, mpweya wankhanza womwe umaotcha maso, pakhosi ndi mapapo. Masiki yodzitetezera imafuna chibwano chosalala. Pa ndevu siimata ayi.

"Semesa, pakamwa panga pafika powawa," anatero a Naidu, kapitawo wawo, akudzisisita m'maso. "Ukamete."

"Patsala pang'ono, bwana."

"Mpweyawo ukudziwa zoti uli pa maliro?"

"Isiyeni mbuzi iyi, bwana," analowererapo Waisake, msuweni wa Semesa. "Ikameta lero, kwa apongozi sikapondako. Komanso ndevuzi zikutithandiza, zabisa kunyansa."

Semesa anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wosagona. A Naidu anangopukusa mutu n'kuchoka. Sitima zinali zikutsitsa nsomba padoko, anthu ochepa, aliyense wotopa. Ndani akanalimbana ndi ndevu za mwini?

Masana belu la ngozi linalira. Paipi ina inali ikutulutsa mpweya, ndipo otseka anayenera kulowa awiri. Semesa anakoka zingwe za masiki mpaka mutu kuwawa, n'kumadziuza kuti yagwira. Analowa pambuyo pa Waisake.

Kaya anayenda mapazi angati. Fungo linalowera m'munsi mwa chibwano, lakuthwa, kenaka moto pakhosi. Anafuna kukhosomola, chifuwa chinakana. Maso anangoti bii! Anamva Waisake akumuguza pa simenti, akutukwana, kenaka madzi ozizira akumukhuthukira kumaso.

Anatsitsimuka kuchipatala, pakhosi patatupa, mawu osatuluka. Mpweya unkalowa movutikira, ukulira ngati mluzu. Namwino wachitsikana anali akulimbana ndi masiki ya makina othandiza kupuma, koma mpweya unkangothawira m'mbali.

"Siikumata," anauza mnzake. "Tandipatsira lumo."

Semesa anayesa kudzutsa dzanja. Linadzuka pang'ono n'kugweranso pabedi. Anayang'ana kukhomo kumene kunaima Waisake, maso ali psuu, poganiza kuti mwina amulankhulira za ndevuzo. Waisake anatsegula pakamwa, anamva mluzu wa m'chifuwa uja, n'kuyang'ana pansi.

"Pepani bambo, musagwedezeke," anatero namwinoyo mokoma mtima. "Tikufuna mupume bwino."

Anayala kathaulo pachifuwa pake n'kuyamba kumeta, mwachangu, mwaluso. Semesa analira. Namwino anaganiza kuti ndi mpweya uja ukumuwawabe m'maso, ndipo anam'pukuta ndi thonje. Atamaliza anapinda kathauloko n'kukakutumulira ndevuzo m'bini.