Kugunda kwa Kuseri kwa Khoma

Kampeni kachitatu ka pamakina osemera chitsulo kanathyoka teni koloko isanakwane. Kanali koonda ngati tsitsi, moti Kazue Morishita anachita kuonera pa galasi lokulitsa zinthu kuti nsonga yapita, ndipo yasiya chipsera m'kachikombole.

Kachikomboleko kanali koumbira timagiya ta pulasitiki tochepa kuposa njere ya chitowe. Ntchito ya masiku awiri inathera pomwepo, chonsecho eni ake ankakafuna Lachisanu. Kazue anagwira khoma ndi chikhatho. Du! Du! Du! Chimakina chodinda malata cha a Tsuboi, oyandikana nawo, chinkagwedeza pansi ponse.

M'kanjira kameneka ka mumzinda wa Higashi-Osaka mashopu a zitsulo amagawana khoma. A Tsuboi anali mnzawo wa malemu bambo ake, ndipo Kazue anakula akumva phokoso lomweli. Anapukuta m'manja n'kutuluka.

"Odi, amalume!"

Mkuluyo anaimitsa makina. "Kazue! Nkhope ngati wadya ndimu. Tinsabwe tako tachitsulo tathawa?"

"Mipeni itatu lero, amalume. Kwanu kuno kukagunda, kwanga kumanjenjemera."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Bambo ako sanadandaulepo."

"Bambo ankasema zikombole za mabeseni."

Kazue anati apitirize, koma maso ake anagwera m'bokosi la pansi pa makina. Munali zidutswa za malata akale, zodindidwa mobwerezabwereza mpaka kung'ambika. Pa shelefu pamene kale pankadzaza katundu wodikira galimoto panali chithunzi chokha cha mayi Fumie, akazi a mkuluyo, amene anamwalira nyengo yozizira yapitayi.

"Amalume, mukudindira ndani?"

A Tsuboi anayang'ana manja awo. "Oda yomaliza inali ya mu Febuluwale." Anakweza maso kudenga. "Ndikazimitsa, ndimamva wotchi ya m'chipinda cham'mwamba. Zaka makumi asanu sindinkadziwa kuti imalira. Fumie uja pakamwa sankatseka."

Kazue anatembenukira kuchitseko.

"Pepani, amalume. Ndiona njira ina."

"Njira yanji? Ukasemera kumwezi?" Anayenda pang'onopang'ono kupita pakhoma, n'kuthimitsa magetsi a makinawo. "Pita. Iwe uli ndi okudikira."

Masana onse kunali zii. Kazue anamanga kachitsulo katsopano, ndipo kampeni kachinayi kanayenda osathyoka. Mano a giya anatuluka osalala, onse khumi ndi awiri. Akanayenera kusangalala. Koma ankangopezeka waima, khutu lili kukhoma, osamva ngakhale chifuwa.

M'mawa mwake anatulutsa mpando umene bambo ake ankakhalira, anaupukuta fumbi n'kuuika pambali pa makina. Kenaka anakagogoda. A Tsuboi anatsegula atavala kale zovala zantchito, ngakhale m'shopumo munali mdima.

"Amalume, ndikufuna munthu kwanga."

"Maso angawa anatha, ukudziwa."

"Maso ndili nawo. Ndikusowa wondikalipira ndikayamba kupupuluma."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Tiyi wako ndi woipa ngati wa bambo ako?"

"Kuposa."

A Tsuboi anapukusa mutu, anakhoma chitseko cha shopu yawo, n'kumutsatira.