Njinga Yakale ndi Madzi a Mchere

Njingayo anabwera nayo ndi mwana wanga, akuikankha kuchokera kumsika wa zinthu zakale. Nditangoiona sindinaikonde. Matayala onenepa, chishalo chotakata ngati mpando wa bwana, chiwongolero chotambasuka ngati nyanga za ng'ombe. Mabuleki a m'manja inalibe.

"Nanga imeneyi imaima bwanji?" ndinafunsa.

"Umapalasa chobwerera m'mbuyo, amayi, basi yaima."

"Munthu lole ikukuthamangitsa, uzikumbukiranso zobwerera m'mbuyo?"

Mdzukulu wanga, amene timamutchula kuti Nthiwatiwa chifukwa cha miyendo yake, anali atayamba kale kusisita chishalo. Mtsikanayu amagwira ntchito kophikira buledi, kutsidya kwa msewu waukulu. Pamsewu umenewo malole sapereka moni. Ine ndi maso angawa ndinaonapo nsapato itatsala yokha pakati pa phula, mwini wake atamunyamula kale. Chiyambire ntchitoyo amawoloka pa mlatho wa oyenda pansi, ndiye mtima wanga umakhalako m'malo. Koma njinga sikwera masitepe a mlatho. Njinga imalowa pakati pa malole.

Mwana wangayo, bambo ake a Nthiwatiwa, anafotokoza uku akupukuta thukuta. "Wogulitsa akuti njingayi ndi yakale kuposa ine. Ngati n'zoona, pali bambo wina wotolera njinga zakale, aitenga. Koma masiku ano amapanganso zatsopano zongooneka ngati zakale. Ikapezeka kuti ndi yotero, ndi yako Nthiwatiwa, uzipitira kuntchito. Bamboyo abwera Loweruka kudzaiona."

"Ambuye, ikhale yatsopano," anatero mtsikana.

Ine ndinapemphera zosiyana, koma chamumtima.

M'mawa mwake onse atachoka ndinaizungulira bwinobwino. Zaka zanga sindizidziwa, koma ukalamba ndimaudziwa: umakwinyika, umalira m'mawondo. Njinga iyi inali yosalala ngati tsaya la namwali. Wina anali ataipaka utoto wobiriwira, tcheni chili nyezinyezi ndi mafuta. Belu lomwe linkalira ngati la dzulo. Ndinaona kuti bambo uja akangoiponya diso anena kuti ndi yamakono, mwana n'kulowa nayo m'kamwa mwa malole.

Ndinakumbukira m'mene mchere unadyera chivindikiro cha chitini changa. Ndinasungunula wambiri m'kabekete, n'kuwaza m'masipoko, m'madigadi, patcheni ndi pansi pa chishalo, kenaka n'kuisiya padzuwa. Tsiku lililonse ndinkatero. Madzulo ndinkangoti, "Nthiwatiwa, usaikhudze, zitsulo za eni zimabwera ndi matenda." Pofika Lachisanu dzimbiri linali litaphuka psuu, njinga itakalamba ndithu. Mwana wanga anangodandaula kuti mwina ndi chinyezi cha pakhonde.

Loweruka bambo uja anafika pa kagalimoto ka katundu. Anali wamfupi, wadazi, magalasi akulendewera pachifuwa ndi kachingwe. Anaigadabuza njinga, matayala m'mwamba, n'kupaka chala padzimbiri. Anachiyang'ana chalacho, kenaka anachigunditsa palilime.

"Musanyambite zimenezo, mudwala kafumbata!" ndinakuwa.

Anaseka pang'ono n'kulavula. "Achimwene, akupusitsani. Dzimbiri ili ndi khanda."

"Khanda bwanji?" anafunsa mwana wanga.

"Dzimbiri lakale limada, limalowa m'kati mwa chitsulo. Ili ndi lofiira, likuchoka ndi chala, ndipo likuwawa mchere. Ndi ntchito ya akathyali imeneyi. Amatenga njinga yatsopano n'kuithira mchere kuti ioneke nkhalamba. Ndikaona zotere sinditayanso nthawi."

Anapukuta manja pathalauza n'kutulutsa makiyi. Nthiwatiwa anadumpha. "Ndiye kuti ndi yanga! Ababa, Lolemba ndiyambira!"

Ndinapezeka nditaima pageti, manja nditatambasula, sindikudziwa kuti ndinafikapo bwanji.

"Bambo, musapite. Mcherewo ndinathira ndine."

Onse anatembenukira kwa ine.

"Amayi!" anatero mwana wanga. "Inu?"

"Agogo, mumafuna muiphike?" anatero Nthiwatiwa, koma sankaseka.

"Ndimafuna ioneke msinkhu wake," ndinatero. "Bambo inu, chonde, ionetsetseni. Munthu sumudziwa zaka poyang'ana malaya."

Bamboyo anavala magalasi aja n'kugwada. Anatulutsa kampeni n'kuyamba kupala utoto pansi, pachitsulo chonenepa chimene mapedulo amazungulirapo. Utoto wobiriwira unachoka, pansi pake panatuluka wakuda, pansi pa wakudawo wofiirira ngati magazi ouma.

"Mitundu itatu," anang'ung'udza. "Yadutsa m'manja ambiri iyi."

"Ndiye kuti ndi yakale?"

"Dikirani, amayi. Utoto aliyense angathe kupaka."

Anathira malovu pachala n'kupukuta pamene anapalapo. Panaoneka timanambala tokhomedwa m'chitsulo, tina titapendekeka. Anati makina amakono amalemba mowongoka, koma awa anakhoma ndi munthu ndi nyundo, ndipo chilembo choyambacho ndiye chimanena chaka. Anasuzumiranso molumikizira zitsulo, momwe munali timizere tachikasu. Anati ndi mkuwa umenewo, akale ankamatira mkuwa. Pomaliza anapukuta pakati pa tayala lakumbuyo, pamene pamabisala buleki, n'kuliza kakhweru.

"Amayi, iyi ndi mnzanu wobadwa naye. Mwina ndi mkulu wanu."

Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi. Nthiwatiwa analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, koma ndinati ayi, alire ali moyo.

"Koma mchere musadzathirenso," anatero bamboyo akuikweza m'galimoto. Kenaka anatembenukira kwa mwana wanga. "Achimwene, mtsikana uja ndamumvera chisoni. Bwanji tingosinthana? Kunyumba ndili ndi kanjinga kamoto kakang'ono, kopepuka, kongokhala. Kangamuthandize kupita kuntchito."

Chitseko chija chinatseguka msanga kuposa m'mene chinatsekekera.

"Ayi!" ndinatero. "Bambo, imeneyo ili ndi zaka zingati? Mwina nayonso ndi yakale, muisunge!"

"Yatsopano, amayi. Chaka sinakwanitse n'komwe."

Mwana wanga anali atamugwira kale chanza.

Anakabweretsa Lamulungu, kofiira. Mlungu wonse mtsikana anaphunzirira m'kanjira ka kuseri, ine ndikuthamangitsa nkhuku ndi ana a eni kutsogolo kwake. Lero m'mawa anavala chipewa cholimba cha okwera njinga zamoto, n'kuliza kanjingako. Ndinagwira chiwongolero n'kuyamba kumuuza kuti lole ikatsokomola kumbuyo atsike akankhe, asadutse pakati pa magalimoto awiri, pamphambano aziima ngakhale ena asakuima.

"Agogo, sindikumva!" anakuwa m'kati mwa chipewacho. "Mudzandiuze madzulo!"

Ndinasiya chiwongolero. Ndinaima pageti kumvetsera kulira kwake mpaka kanasakanikirana ndi phokoso la kumsewu waukulu.