Mapazi Olowa Okhaokha

Aukje Veldhuis anawaona koyamba Lachiwiri m'mawa, mdima wa Novembala usanachoke m'misewu ya Harlingen. Anali atasamba kale, atachukucha mkamwa ndi madzi a mchere ndi soda monga mwambo umafunira, atavala mkanjo wake woyera wa bafuta. Anakwera masitepe atanyamula thireyi ya madzi ozizira, buledi wakuda ndi kambale ka mowa. Atafika pakhomo la chipinda cha pamwamba anatambasula dzanja kuti atenge tsache pamsomali pake. Tsachelo panalibe.

Anakankha chitseko. Pansi ponse m'chipindamo panali mchenga woyera umene iye mwini anakautapa kugombe la chilumba cha Terschelling, n'kuutsuka, n'kuuwotcha mu uvuni. Kumapeto kwa chipinda kunali kachisi, kabokosi ka mkungudza ka zitseko ziwiri mmene munkakhala Sekhmet, mulungu wamkazi wa mutu wa mkango. Mchengawo umayenera kukhala see, ngati nsalu yosita. Tsiku limenelo unali ndi mapazi. Mapazi opanda nsapato, mizere iwiri, ndipo onse analoza kukachisi. Lobwerera panalibe ndi limodzi lomwe. Tsache lija linali gone pambali pa kachisi, mkati.

Aukje anaima kaye pakhomopo. Kenako analowa. Dongo limene ankamata pachingwe cha zitseko za kachisi linali losasweka, chidindo chake chikuoneka bwinobwino. Anachita zonse mwa masiku onse. Anayatsa kandulo, anafukiza lubani, anaswa dongolo, anadzutsa mulungu ndi mawu a mtendere, anamupukuta nkhope yake ya mwala wakuda, anamuveka kansalu kofiira katsopano, n'kumuikira chakudya. Pomaliza anamatanso dongo, anatola tsache, n'kusesa akubwerera m'mbuyo mpaka pakhomo. Mapazi achilendowo sanafune n'kuwayang'anitsitsa komwe. Anawasesa ngati mmene munthu amataya chinthu chonunkha.

Chifaniziro chogula m'sitolo ndi mwala chabe. Koma ichi, zaka khumi ndi zinayi zapitazo, chinachitiridwa mwambo wotsegula pakamwa woti mulungu akhalemo, ansembe atatu a gulu lawo ataima m'chipinda chomwechi, ndipo kuyambira tsikulo sichinalinso chokongoletsera nyumba. Chimafuna kudzutsidwa, kuvekedwa ndi kudyetsedwa tsiku lililonse. Aukje sanapitepo kutchuthi chitengereni chifanizirocho. Ali pantchito ku sitolo ya mankhwala ankadzuka faifi koloko kuti mwambo uthe asananyamuke. Kusesa mapazi ndiko kunali kotsekera zonse: wansembe sasiya njira yopita kwa mulungu, kuopa kuti chinthu choipa chingailondole, makamaka njoka yoipa, mdani wa milungu, imene dzina lake satchula. Panalinso lamulo lakuti wansembe akayamba kudumpha mbali za mwambo, chifaniziro chimapita kwa wina. Amene anaumirira kuti lamulolo lilembedwe anali Aukje yemweyo.

Teni koloko mlongo wake wamng'ono, Harm, anabwera kudzamwa khofi monga ankachitira chipumireni pantchito ya pasitima yopita kuzilumba. Anali ndi kiyi wa nyumbayo.

"Mkango wadya, achemwali?"

"Wadya. Pukuta nsapato."

"Zaka zonsezi kudya buledi ndi mowa m'mamawa, koma osanenepa. Ine kungonunkhiza basi, lamba akukana." Anakhala pansi n'kudzichekera tchizi. Buledi wa nsembe amabwerera kwa anthu mulungu akatha naye, ndipo mbali imeneyi ya chipembedzo Harm ankagwirizana nayo kwambiri.

"Unakwera pamwamba dzulo, iwe?"

"Ine? Ndi bondo ili? Kukatani, kukaombeza?"

Aukje anamufotokozera za mapazi ndi tsache. Harm anamvetsera akutafuna.

"Mwina ndi mwiniwakeyo, amatuluka kukawongola miyendo."

"Ndati mapaziwo ndi olowa."

"Ndiye kuti wapeza mwamuna. Musiyeni, ndi wamkulu."

Ataona kuti mlongo wake sakuseka, anasintha nkhani. "Njinga yanu ndabwera nayo. Inagona kusitolo ya buledi."

"Ndinaisiya dala. Kunali mphepo."

"Oho." Harm anatakasa khofi wake kwa nthawi yaitali. "Amayi nawonso ankasiya zinthu dala."

Mayi awo anamwalirira kunyumba yosamalira okalamba ku Franeker. Zaka zitatu zomaliza ankatchula Harm dzina la bambo ake, ndipo akaona Aukje ankamufunsa mwaulemu ngati ndi nesi watsopano. Aukje anaimirira n'kuyamba kutsuka makapu, Harm asanathe kumwa.

Madzulo asanafike anakafunafuna kiyi wakale wa chipinda cha pamwamba, anakhoma, n'kumumanga pachingwe m'khosi mwake. Lachitatu mchenga unali wosalala. Lachinayinso chimodzimodzi, tsache lili pamsomali. Anayamba kuganiza kuti mwina Harm ananama, kapena mwana wa oyandikana nawo analowa.

Lachisanu anapeza msomali uli wokha.

Kiyi anali m'khosi mwake, wofunda ndi thupi lake. Loko anali wokhoma. Zenera la m'chipindamo linali lomatidwa ndi penti kuyambira kale. Koma mapazi anali pomwepo, mizere iwiri, akupita kukachisi. Awiri analowa, kapena mmodzi analowa kawiri, ndipo palibe anatuluka. Aukje anayang'ana kuseri kwa chitseko, anayang'ana kudenga. M'chipindamo munalibe pobisala, kupatula mumdima wa kuseri kwa kachisi, mpata wosakwana ngakhale mphaka. Tsiku limenelo mawu odzutsira mulungu anawanena mofulumira, khutu lili kumbuyo. Anawonjezera mawu othamangitsira njoka, amene amanenedwa kamodzi pachaka, analavula kanayi monga mawuwo amafunira, ndipo atasesa anawaza madzi a mchere pakhomo.

Anaganiza zoimbira Ruurd Bangma, wansembe mnzake amene iye yemwe anamuphunzitsa, koma anadziletsa. Ruurd akanabwera n'kupeza mchenga wosesa, akanaona chiyani? Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu akuloza pansi popanda kanthu.

Lamlungu mapazi anabweranso. Ulendo uno sanalowe. Anaika thireyi pa sitepe yomaliza, anatsika, n'kuimba foni. Ruurd ankayendetsa basi ku Leeuwarden ndipo Lamlungu sankagwira ntchito.

"Bwera tsopano. Usadye chilichonse, udzasamba kuno."

"Amayi, kukadali mdima. Nyumba yapsa?"

"Pali chimene chikulowa kwa Sekhmet."

Ruurd sanafunsenso. Aukje anamudikira atakhala pamasitepe, msana utatsamira khoma, maso ali pachitseko chotsegulacho. Mphepo yochokera kunyanja inkagwedeza matailosi a padenga. Kunayamba kuyera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zinayi dzuwa linatuluka mulungu asanadzutsidwe.

Ruurd anafika, anasamba, anavala zoyera zimene anabwera nazo m'chikwama cha kumsika. Anali munthu wamkulu thupi, wokonda nthabwala, ndipo pokwera masitepe anati, "Ngati ndi mbewa, amayi, mundigulira kadzutsa." Atafika pakhomo anasiya kulankhula. Anagwada, anayang'ana mchenga, anapendeketsa mutu kuti kuwala kwa pazenera kumuthandize. Anatenga nthawi.

"Tsache mumalowa nalo, eti?"

"Ukudziwa. Ndimaligoneka pambali pa kachisi, ndikatha ndimatuluka nalo ndikusesa, ndimalikoleka panja. Uko lili ndiye kuti wina walilowetsa."

"Kapena silinatuluke."

"Usandiuze zimenezo. Ndinasesa."

"Taonani apa." Ruurd analoza mzere wa kumanzere. "Awa chidendene chalowa kwambiri, ndi mmene munthu amayendera akamapita kutsogolo. Koma awa a kumanja, zala ndizo zakumba, chidendene changokhudza. Komanso ndi ofupikirana. Munthu ameneyu anatuluka, amayi. Anatuluka chafutambuyo."

Ruurd anapitiriza, maso akadali pamchenga.

"Wakuba satuluka chafutambuyo. Harm sangatuluke chafutambuyo, angagwe. Chinthu chija sitichitchula sindikhulupirira kuti chili ndi ulemu wotere. Amene amaopa kufulatira mulungu ndi ife tokha. M'chigawo chino chonse tilipo awiri, ndipo phazi langa ndi ili." Anatukula phazi lake lalikulu ngati fosholo, koma sanaseke.

Aukje anayang'ana pansi. Chala chachikulu cha phazi lake lamanzere chinapindikira mkati, chifukwa cha zaka zambiri zoimirira kuseri kwa kauntala atavala nsapato zothina. Pamchengapo, phazi lililonse lamanzere linali ndi chala chopindika chomwecho. Anadziwa kuti akanachiona Lachiwiri lomwe lija akanayang'ana. Anatambasula mwendo pang'onopang'ono n'kuponda m'phazi loyamba. Linamukwana, osatsala mpata.

"Koma ndikukumbukira," anatero. "Dzulo ndinasesa. Ndikumva kulira kwa tsache pamchenga, ndikumva ngakhale pano."

"Mwasesa koposa zikwi zisanu, amayi. Mukukumbukira la tsiku liti?"

Pansi pa nyumba galimoto inadutsa, matayala akulira pamiyala yonyowa. Aukje anazindikira kuti mantha a sabata yonse ija anali opepuka. Njoka ili ndi mawu oithamangitsira. Amalavula kanayi, amawaza mchere, amakhoma chitseko. Koma chimene chinalondola njira mpaka kukachisi chinali ndi kiyi m'khosi.

Ruurd anadzuka akugwira khoma. "Palibe chifukwa choti ena adziwe lero. Tilemba pepala, tilimata pachitseko: kandulo, dongo, tsache. Ine ndizibwera Lamlungu lililonse. Katatu pa sabata imodzi si mapeto a dziko."

"Katatu kamene taona. Kuiwala tsache kumasiya mapazi. Nanga zimene sizisiya kanthu?" Mawu ake anali a munthu wowerenga mankhwala a wodwala. "Mawu ndikadumpha, adzandiuza ndani? Tsiku lina ndidzatsika ndi buledi uyu osamupereka, ndikukumbukira bwinobwino kuti ndapereka. Amayi athu ankalumbira kuti adya."

"Mupite kaye kwa dokotala."

"Ndipita. Koma lamulo silinena za dokotala. Ndinalemba ndine, ukufuna undiwerengere?"

"Ine ndimayamba ntchito sikisi koloko, amayi. Ndimakhala m'chipinda chimodzi ndi mphaka."

"Udzadzuka folo koloko. Mphaka ndi wachibale wa mkango, azolowerana."

Ruurd anapukuta nkhope ndi dzanja lonse. "Simunandiphunzitse kuti ndidzakulandeni."

"Ndinakuphunzitsira chiyani nanga? Tenga thireyi. Achedwa kudya."

Mwambo wa tsiku limenelo anauchita awiri. Aukje ankanena mawu, Ruurd ali kumbuyo kwake, ndipo Aukje ankadziwa kuti milomo ya mnzakeyo ikutsatira mwakachetechete, kuwerenga ngati zonse zilipo. Sanafunse ngati anadumpha pena. Atatha, m'malo motseka kachisi anatulutsa chifanizirocho ndi manja awiri. Chinali cholemera kuposa mmene ankakumbukirira, ndi chozizira. Maso a mkangowo sanasonyeze mkwiyo kapena chisoni. Anayang'ana kupyola iye, monga masiku onse. Anachikulunga m'nsalu yofiira, pamwamba bafuta, n'kuchipereka. Ruurd anatsika nacho, anabweranso kudzatenga kachisi, ndipo zonse anazimanga ndi lamba pampando wa kutsogolo kwa galimoto yake.

Harm anafika galimotoyo ikunyamuka. Anaona nsalu yoyera pampando, anaona mlongo wake ali pakhomo wopanda nsapato pamiyala yozizira, ndipo nthabwala imene anabwera nayo anaimeza.

"Khala pansi, ndikubwera," anatero Aukje. "Kwatsala kusesa."

"M'chipinda chopanda kanthu?"

Aukje anatembenukira kumasitepe. Anakwera. Pamene panali kachisi panatsala chizindikiro cha makona anayi pamchenga, ndipo pena ponse panali mapazi, ake ndi a Ruurd, osokonekera. Anatola tsache, anayambira kukhoma, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa dzanja lake. Pakhomo anaima, anaona mchenga uli see, anakoleka tsache, analigwira kawiri, anakhoma chitseko.

Kukhitchini Harm anali atateleka khofi, atayala makapu, ndi buledi wa nsembe atamuduladula m'mbale. Aukje anakhala pansi, anamwa pang'ono. Anakamba za mphepo, za sitima ya masana ngati inyamuke. Kenako anaika kapu pansi, dzanja lake likufunafuna chingwe cha m'khosi.

"Harm. Ndasesa?"

Harm anali atamva tsache likulira pamwamba pa mutu wake kwa mphindi khumi zathunthu.

"Mwasesa, achemwali."

Aukje anagwedeza mutu kuvomera. Anakhala pang'ono, maso ali kumasitepe. Kenako anakankha mpando n'kupita kukaona.