Mpando wa Theresa pa Basi ya ku Mapiri

Melissa anaika makina ometera patebulo, pakati pa makapu a tiyi amene amayi a kumpingo anasiya, nabwerera m'mbuyo msanga ngati makinawo aluma.

"Ndachaja kale, adadi," anatero, osayang'ana bambo ake kumaso.

A Bizwick Matewere anayang'ana makinawo, kenaka anayang'ana mlamu wawo, a Lyson, amene anakhala pa sofa atasanjikiza miyendo. Theresa, mkazi wa a Bizwick, anali ataikidwa m'manda Lolemba, konkuno ku South Bend, ku Amereka. Tsikuli linali Lachinayi. Nkhata za maluwa zinali zisanafote n'komwe pamtumbira.

"Alamu, nkhaniyi si yaitali," a Lyson anayamba, akusisita bondo. "Mawa m'mawa mumeta. Ine ndiyankhula mawu a kwathu, ankhoswe anu amvera pa foni ali ku Thyolo komweko, basi takusudzulani. Loweruka mudzuka muli omasuka."

"Omasuka kuti nditani?"

"Kuti mukwere basi."

Basiyo ndi imene inawaima pakhosi a Bizwick ngati munga wa nsomba. Moyo wawo wonse a Lyson anali wolondolera alendo paphiri la Mulanje, kukwera nawo kuchokera pa Likhubula, kuwalozera zigwa ndi mathithi, kuwatsitsa ali amoyo. Theresa, mlongo wawo, anakhala chaka chathunthu akukonza zoti abwere ku Amereka adzaone mapiri a eni ake. Anawapezera viza, napeza malo awiri pa ulendo wa pa basi wonyamukira ku Indianapolis: zigwa za nkhungu za ku Tennessee, minda yakale ya maluwa, mudzi woonetsa chikhalidwe cha eni nthaka, zonsezo gaidi ali patsogolo kufotokoza. A Bizwick anakana kuyambira pachiyambi. Iwo mapiri anawaona kwawo, anatero. Ulendowo unali wa Theresa ndi mlongo wake.

Koma Theresa anagwa kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo sanadzukenso. A Lyson anatsika ndege ku Chicago ali ndi nsapato zawo zokwerera phiri, napeza mlongo wawo ali m'nyumba ya chisoni.

"Adadi, mami anabukitsa kalekale," Melissa anatero. "Ndawaimbira a kampaniyo. Dzina angasinthe, koma tsiku sangasinthe. Ine sindingapite, Lamlungu ndikuyamba shifiti. Ndipo amalume akuti okha sapita."

"Sindingakhale pafupi ndi mpando wopanda munthu," a Lyson anavomereza. "Koma namfedwa sayendayenda asanamete, alamu, mukudziwa. Anthu angati chiyani? Ndiye tingokonza zonse mawa, tiphe mbalame ziwiri."

Mbalame ziwiri. A Bizwick anakumbukira m'mene mayi awo anasudzulidwira bambo awo atamwalira. Anthu anadikira mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe. Mbumba ziwiri zinakhala pamphasa tsiku lonse, akuchimuna akutchula chimodzichimodzi zimene mayiyo anachita m'banjamo, odwala amene anawasamalira, ana amasiye amene anawalera, mpaka wina aliyense analira. Kumasula munthu kunali kumuthokoza kaye. Tsono iwo, atakhala ndi Theresa zaka zoposa makumi atatu, awamasule m'mawa umodzi ngati mbuzi pachikhomo, poopa kuti basi ingawasiye?

Anatenga makina ometera aja, nawaika pamwamba pa firiji, nalowa kuchipinda.

M'mawa wa Lachisanu anapeza mipando itakonzedwa kale pabalaza. Melissa anali atayala thaulo pampando umodzi, makina aja atatsitsidwa. Foni inali itatsamira pa mbale ya shuga, ndipo m'menemo munkamveka mawu a Dixon, msuweni wawo wokalamba amene anali nkhoswe ya ukwati wawo.

"Halo? Mukundimva kumeneko? Ndakwera pachulu, netiweki ikuvuta. Fulumirani, batire latsala pang'ono!"

A Lyson anali atavala jekete ndi tayi. Anakhosomola, nayamba: "Ife akuchikazi, a kwa Namakhwa, tasonkhana pano..."

"Mwasonkhana angati?" a Bizwick anafunsa.

Kenaka anadutsa pakati pa mipandoyo, natuluka khomo lakuseri. Posakhalitsa makina otchetchera kapinga anabangula pansi pa zenera la pabalaza penipeni. Kapingayo sanali wamtali. A Bizwick anapita ndi makinawo kumpanda, nabwerera pazenera, napitanso, nabwereranso, nsagwada zili gwa. Mkati, Melissa ankakuwira foni kuti agogo adikire, koma a Dixon anali atazimirira kale pachulu pawo.

A Lyson anatuluka, tayi ikuuluka, naima kutsogolo kwa makinawo. A Bizwick anawazungulira. A Lyson anaimanso kutsogolo. Kachitatu, a Bizwick anasiya chogwirira, makinawo nazima.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mwana," a Lyson anatero. "Ine ndine mwini mbumba. Kwathu munthu sandithawa ndikuyankhula."

"Kuno si kwanu."

"Ndiye chifukwa chake! Sabata yamawa ndikubwerera. Mukuganiza viza ija adzandipatsanso? Inu kumudzi munapita liti komaliza? Ndikachoka osakusudzulani, mukhala womangika mpaka imfa. Simungakwatire, simungatani. Ndikukuchitirani chifundo, alamu."

"Ndinakupemphani?"

"Ndi mwambo."

"Mwambo uyendera nthawi ya basi?"

A Lyson anavula jekete, nakhala pa sitepe ya khonde.

"Mukundiona ngati fisi amene wabwera kudzadya pamaliro," anatero pomaliza, motsitsa. "Ndakuonani m'mene mumayang'anira nsapato zanga zija pakhomo. Nenani."

A Bizwick anayang'ana makina otchetchera aja, a Lyson napitiriza.

"Ine mapiri sindikuwafuna. Ndatopa nawo mapiri, mawondo anatha kale awa. Koma mwana uja, Theresa, ankandiimbira Lamlungu lililonse. Amati, 'Achimwene, mwanyamula zikwama za azungu kuyambira ndili kusukulu. Mwalozera anthu njira mpaka chala chakhota. Bwerani kuno, wina akulondolereni inu, mufunse mafunso opusa ngati amene amakufunsani aja, manja ali m'thumba.' Ndimaseka. Amati, 'Musaseke, ndikulowa mashifiti ausiku chifukwa cha inu.' Tsono ndikafike kumudzi ndikanene kuti chiyani? Kuti ndinaona bokosi ndi bwalo la ndege basi?"

Mashifiti ausiku aja a Bizwick ankawadziwa bwino. Ndi iwo amene ankamutenga Theresa m'bandakucha, nyengo ya chisanu, galimoto atayamba aipala madzi oundana pagalasi. Theresa ankalowa m'galimoto mapazi atatupa, nsapato zili m'manja, n'kuyamba pomwepo kuwauza za zigwa zimene sanazionepo ngati anabadwira komweko. Iwo ankangoti "mhm." Tsopano mkwiyo wawo unagawika pawiri. Unalipo wa kumetedwa mothamanga ngati mkaidi. Unabweranso wina, wa kuganiza kuti usiku wonse uja upite pachabe, mipando iwiri iyende yopanda anthu mpaka ku Tennessee.

Anakoka chingwe, makina nabangulanso. A Lyson anapukusa mutu, natola jekete lawo, nalowa m'nyumba.

Loweruka kusanache bwino, Melissa anatuluka m'chipinda atanyamula chikwama chake, wokonzeka kubwerera kwake ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Anapeza bambo ake ataima pakhomo atavala chipewa, kachikwama kali pambali, makiyi ali m'manja. Tsitsi lawo la imvi linali momwe linalili.

"Dzutsa amalume ako," anatero. "Tichedwa."

A Lyson anatuluka akumanga mabatani. Anayang'ana mutu wa mlamu wawo, nayang'ana kachikwamako.

"Chonchi? Osameta?"

"Chonchi."

"Osasudzulidwa? Alamu, Amalawi a kuno akamva kuti mkazi wanu sanathe sabata m'manda inu muli pa basi kukaona maluwa, akudyani osaphika. Amayi a kumpingo aja..."

"Adye."

"Mupita ngati ndani tsono?"

"Ngati mwamuna wake."

Melissa anayamba kunena kanthu m'Chingerezi, koma bambo ake anamuyang'ana kamodzi, iye nameza mawuwo.

Msewu wa ku Indianapolis unali wautali ndi wosalala, minda ya chimanga chouma uku ndi uku, popanda ngakhale kachulu. Melissa ankatsatira pambuyo pa galimoto yake. A Lyson anayesa kawiri kuyambitsanso nkhani ija. Atadutsa Kokomo anati mwina angachite mwachidule m'galimoto momwemo, mawu okha, kumeta kudzabwera pambuyo. A Bizwick anatsegula wailesi. A Lyson anayang'ana kunja, nang'ung'udza kuti dziko lopanda phiri ngati limeneli munthu angasochere masana dzuwa likuswa mtengo.

Ulendo unkayambira pa munda wakale wa maluwa wa ku Garfield Park, kufupi ndi kwa Melissa. Basi inali itaima kale, okalamba achizungu ovala zipewa akutsitsa zikwama m'galimoto zawo. Mnyamata wa pa basi anatambasula dzanja kuti alandire chikwama cha a Lyson. Iwo anachigwira zolimba.

"Mpatseni," a Bizwick anatero.

A Lyson anachisiya pang'onopang'ono, natsala ataima manja ali lende, osadziwa kowaika.

Melissa anakumbatira bambo ake. "Mankhwala a BP mwatenga?"

"Pita, mawa uli ndi ntchito."

Gaidi anali mtsikana wa tsitsi lofiira, wonyamula kambendera. Anasonkhanitsa gulu lonse pamwamba pa masitepe otsikira m'mundamo, nati asanakwere basi ayamba ayenda m'menemo, chifukwa mundawo unali wa zaka pafupifupi zana. Anafotokoza za akasupe opopera madzi m'mwamba, za njerwa zakale za m'tinjira, za anthu amene anajambula mundawo. Anachenjeza mwaulemu kuti maluwa ndi oona ndi maso, osagwira, osathyola. A Lyson ankamvetsera mutu uli pambali ngati mphunzitsi woyesa mayeso.

"Akuyankhula atafulatira anthu," ananong'ona. "Ndipo sakuwerenga gulu lake. Paphiri ameneyu angataye munthu."

"Manja m'thumba," a Bizwick anatero.

Akutsika masitepe, gaidi uja anabwerera m'mbuyo kudzawapatsa moni. Anafunsa kumene achokera, nasangalala kwambiri kumva za Malawi ngakhale zinkaoneka kuti sakudziwa kumene ili. Kenaka anafunsa ngati awiriwo anali pachibale.

A Lyson anazengereza. Anayang'ana pansi.

"Ndi mlamu wanga," a Bizwick anayankha m'Chingerezi chawo chouma. "Mkazi wanga ndi mlongo wake."

Mtsikanayo anati n'zosangalatsa, nathamangira kutsogolo ndi kambendera kake. Amuna awiriwo anatsalira m'mbuyo, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa maluwa.

"Kumudzi akandifunsa," a Lyson anatero patapita nthawi.

"Mukawauze kuti ndinakana."

"Ayi." Anapuma mozama. "Ndikawauza kuti akuchikazi sitinakonzeke. Mukadzabwera nokha, tidzayala mphasa. Mukapanda kubwera, ndiye kuti ndinu wathu basi. Mwatikanirira ngati nkhupakupa."

A Bizwick anali ataima pafupi ndi chitsamba cha masamba ofiirira okhala ndi mphepete zobiriwira, akuchiyang'ana. Pazenera la kukhitchini ku South Bend panali mabotolo a jamu ndi zitini zodzaza timitengo, ndipo panalibe ngakhale kamodzi kamene Theresa anagula. Kena kanachokera pakhomo la banki, kena kuchipatala, kena pabwalo la tchalitchi cha eni ake. Ankati duwa lopempha siligwira. Nthawi zonse a Bizwick ankayenda patsogolo mofulumira, kuchita ngati mayiyo sakumudziwa.

Anayang'ana kumene kunali gaidi. Anawerama movutikira, bondo likulira.

A Lyson anaona dzanja likupita kuchitsambako. Anasuntha, naima pakati pa mlamu wawo ndi gulu lija, natambasula jekete lawo uku ndi uku, manja ali m'thumba, maso ali kumwamba ngati munthu wochita chidwi ndi akasupe.

"Cha pansi pa mfundo," ananong'ona osatembenuka. "Theresa amathyola pansi pa mfundo. Anayamba ali mwana, kumunda wa abambo mfumu."

A Bizwick anatsina kansonga ka chitsambacho ndi chikhadabo. Anatulutsa kampango, nakanyowetsa ndi madzi a m'botolo lawo, nakulunga kanthambiko mosamala. Anakaika m'thumba la malaya, la pachifuwa, ndipo awiriwo anatsatira kambendera kaja.